Aluminiyamu wonyezimira sachiza thiraki ya rimoti

M'chaka cha 2008 kampani ya Traxxas ya ku Texas, m'dziko la America, inatulutsa kathiraki koyendera rimoti kotchedwa Slash. N'kotalika kupitirira theka la mita pang'ono, ndipo kanapangidwa motengera mathiraki enieni amene amapikisana m'mabwalo a dothi kumeneko, kungoti kanachepetsedwa kakhumi. Kanayenda malonda moti mpaka lero pali makampani ambiri amene amadyera pa iko. Ntchito yawo ndi kupanga zipangizo zolowa m'malo mwa zimene Traxxas inaikamo. Pafupifupi mkono uliwonse, giya iliyonse ndi shafiti iliyonse ya Slash ili ndi inzake ya kampani ina pamsika, ndipo zochuluka mwa izo ndi za aluminiyamu wonyezimira, wina wabuluu, wina wofiira, wina wobiriwira.

M'kunyezimira kumeneku ndi mmene mumathera ndalama za anthu ambiri okonda masewerawa. Thiraki ikangothyoka mkono kapena kulira mwachilendo, mwini wake amathamangira pa intaneti kukaoda chachitsulo, poganiza kuti pulasitiki ndiye matenda. Kawirikawiri si choncho. Chimene chathyoka chimakhala chikunena za vuto limene lili pena, ndipo kuchilimbitsa vutolo lisanapezeke n'kungolisamutsira pamalo okwera mtengo. Zimene zimasinthadi kayendedwe ka thiraki n'zotchipa ndi zobisika, moti palibe amene amazijambula n'kuika pa Facebook: mabering'i, oyilo, tiwashala topyapyala, ndi kufatsa kwa munthu wogwira sipanala.

Pafunika kusiyanitsa kaye. Pali tigalimoto ta rimoti ta m'sitolo za zidole, timene tikathyoka timangotayidwa chifukwa tinamatidwa kamodzin'kamodzi. Nkhani ino si ya ito. Ndi ya magalimoto amene amamasuka chidutswa ndi chidutswa, okhala ndi difu yeniyeni, mashoko a oyilo, ndi buku lojambula chipangizo chilichonse pamodzi ndi nambala yake. Tamiya ya ku Shizuoka, ku Japan, inayamba kupanga magalimoto a rimoti mu 1976 ndi Porsche 934, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inabweretsa mathiraki a matayala akuluakulu monga Blackfoot, Lunch Box ndi Clod Buster, pa nthawi imene Bigfoot ya Bob Chandler inkakopa khamu ku America pokwera pamwamba pa magalimoto akale n'kuwaphwanya. Lero X-Maxx ya Traxxas imalemera makilogalamu oposa 8 ndipo imafika liwiro la makilomita 80 pa ola. Chinthu chotere chikawomba mwendo wa munthu nkhani imakathera kuchipatala.

Njira imene mphamvu imadutsa ndi yaifupi, ndipo wofuna kukonza ayenera kuiloweza pamtima. Imachoka m'batire, n'kudutsa m'kabokosi kolamulira liwiro kotchedwa ESC, n'kufika pa mota. Pa shafiti ya mota pali kagiya kakang'ono, pinion, kamene kamazunguza giya yaikulu, spur. Kuchoka apo mphamvu imadutsa pa kilatchi yoterereka kapena pa difu ya pakati, malinga ndi mtundu wa thiraki, n'kulowa m'difu ya kumbuyo kapena m'madifu onse awiri, n'kutsata mashafiti mpaka pa kachitsulo ka ngodya zisanu ndi imodzi kamene kamagwira rimu. Pa mathiraki ochepetsedwa kakhumi kachitsuloka nthawi zambiri kamakhala ka mamilimita 12, ndipo pa aakulu ochepetsedwa ka 8 kamakhala ka mamilimita 17.

Dandaulo limene limamveka kwambiri ndi lakuti mota ikubangula koma thiraki ili chiimire, kapena ikungokwawa. Wopupuluma amati giyabokisi yatha. Makaniko wofatsa amachotsa bodi, amainyamula thirakiyo, n'kutsata njira ija ndi maso kuti aone pamene kuzungulira kwalekezera. Mota ikamazungulira pinion ili phee, ndiye kuti kasikuluwu kopanda mutu kogwira pinion kakhwefuka, ndipo kangofunika kumangidwa pa mbali yophwatalala ya shafiti ndi kadontho ka mankhwala abuluu ogwira sikuluwu, aja a mtundu wa Loctite 243. Spur ikamazungulira koma mashafiti ayi, kilatchi yakhwefuka kapena timapadi take tatha. Mashafiti akamazungulira tayala lili duu, kaphini kopingasa ekiselo kagwa, kapena malo a kachitsulo kaja m'rimu adyeka. Ndiye pali china chochititsa manyazi: rimu ikuzungulira yokha m'kati mwa tayala chifukwa guluu watha mphamvu.

Pa zinayi zonsezi palibe chofuna aluminiyamu, ndipo zina sizifuna ngakhale tambala.

Kilatchi yoterereka ija imazunzika kwambiri. Inaikidwapo kuti thiraki ikatera pansi kuchoka m'malere, kapena tayala likakodwa pa muzu, iyo iterereke pang'ono m'malo moti mano a magiya alandire nkhonya yonse. Koma poti thiraki yomangitsa kilatchi imanyamuka mwaukali, matayala akutsogolo ali m'mwamba, ambiri amamanga nati yake mpaka pothera. Amasangalala masiku angapo, kenako giya ya m'giyabokisi imatha mano kapena shafiti ya pulasitiki imapotoka. Kuimasula kwambiri nakonso n'kulakwa, chifukwa imatentha mpaka kusungunula pakati pa spur. Buku la Slash yokoka ndi matayala akumbuyo okha limapereka poyambira posavuta: kumanga natiyo mpaka sipuling'i itafinyika yonse, kenako kuibweza kamodzi kathunthu.

Spur yotha mano ndiyo imayendetsa malonda a magiya achitsulo. Komatu spur ya pulasitiki siingodyeka yokha. Mwina pinion inatalikira, mano n'kumangogwirana kunsonga. Mwina mota inasuntha thiraki itagunda chinthu, mwina kamwala kanalowa chifukwa chotsekera magiya chinatayika, kapena bering'i yogwira shafiti ya spur yagwedera moti giyayo ikuvina. Khutu limathandiza. Magiya othinana amalira mokuwa ndipo amatenthetsa mota, pamene otalikirana amachita phokoso lokhadzula, makamaka ponyamuka. Njira imene anthu a masewerawa akhala akudalira kwa zaka zambiri siifuna chida chapadera. Amaika kapepala ka m'kope pakati pa magiya awiriwo, amakankha mota mpaka kapepalako katalumidwa, amamanga masikuluwu, n'kukachotsa. Mpata wotsalawo ndiye woyenera, ndipo uyenera kuyesedwa m'malo angapo kuzungulira spur, poti giya ya pulasitiki siikhala yobulungira ndendende. Woika spur yachitsulo asanaone zimenezi amangodzigulira phokoso, ndipo tsiku lina la ngozi chimene chimagonja ndi bering'i ya mota kapena magiya a m'difu, amene kuti munthu awafike ayenera kuphwasula theka la thiraki.

Palinso msampha wa kukula kwa mano. Slash yokoka ndi matayala awiri ili ndi mano ang'onoang'ono a 48 pitch, yokoka ndi anayi ili ndi okulirapo a 32 pitch, ndipo mathiraki akuluakulu ambiri ali ndi a Mod 1. Magalimoto ambiri a Tamiya ali ndi a Mod 0.6, amene m'maso amafanana ndi a 48 pitch koma salumana bwino. Pa Tamiya pomwepo pali umboni wabwino wotsutsa chikhulupiriro chakuti chachitsulo chilichonse chimaposa pulasitiki. Pinion imene imabwera m'mabokosi ake ambiri ndi ya aluminiyamu wofewa. Imadyeka msanga, mano ake n'kusongoka, ndipo fumbi lake likasakanikirana ndi girizi limasanduka phala lotuwa lopala magiya ena onse. Apa choyenera kugula ndi pinion ya chitsulo chenicheni cholimba, imene mtengo wake ndi wochepa, ndipo giya ya pulasitiki imasiyidwa momwemo.

Masamu a magiya nawo alibe chisoni. Giyabokisi ya Slash, yotchedwa Magnum 272, imachepetsa kuzungulira ka 2.72. Pinion ya mano 23 ikakumana ndi spur ya mano 86, mota imazungulira pafupifupi ka 10 kuti tayala lizungulire kamodzi. Wowonjezera mano pa pinion amapeza liwiro, koma mota imasenza katundu wolemera n'kutentha. Woika matayala akuluakulu wachita zomwezo mosadziwa, ndipo wawonjezeranso kulemera kumene mashafiti ndi servo ya chiwongolero ziyenera kulimbana nako. Udzu wautali ndi mchenga zimaonjezera moto pamenepo. Odziwa amayesetsa kuti mota isapitirire madigiri 70 kapena 80, chifukwa kutentha kopyola apo kumafooketsa maginito a m'kati, ndipo mphamvu yotayika choncho siibwerera. Kachipangizo koyezera kutentha kongoloza n'kotchipa kuposa mota. Wopanda iko ayese ndi chala, ndipo ngati chalacho sichingapirire masekondi angapo, pinion ichepetsedwe mano awiri kapena atatu. Kuika kafani pa mota yolemedwa ndi magiya kumangobisa vuto.

Gwero lenileni la zothyoka zambiri za masiku ano ndi mphamvu yochuluka. Mathiraki a m'ma 1980 ankayendera batire la 7.2V ndi mota ya mabulashi. Lero kuli mota za brushless ndi mabatire a LiPo, amene selo iliyonse imapereka 3.7V. Mota ya 3500KV, monga Velineon ya Traxxas, ikakhala yopanda katundu imazungulira pafupifupi ka 26,000 pa mphindi pa batire la maselo awiri, ndi pafupifupi ka 39,000 pa la maselo atatu. Liwiro likakwera ndi theka, mphamvu yogundira khoma imapitirira kuwirikiza kawiri, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvuyo imawirikiza kanayi. Palibe mkono, wa pulasitiki kapena wachitsulo, umene ungakane masamu amenewa. Traxxas yomweyo, itakweza X-Maxx kuchoka pa maselo 6 kufika pa 8 mu 2017, sinangosintha ESC. Inalimbitsanso magiya a m'madifu n'kuika chogawa mphamvu china pakati. Munthu wogula mota yaukali pa intaneti n'kuiika m'thiraki imene inapangidwira mota ya mabulashi amadumpha ntchito yonseyi.

Makampani nawo ali ndi mlandu. Pa bokosi amalemba liwiro ndi zilembo zikuluzikulu, loyandikira makilomita 100 pa ola, ndipo m'munsi, ndi tizilembo tofuna mandala, amanena kuti liwirolo limafuna batire la maselo atatu ndi pinion ina, imene buku limati ndi ya pamalo olimba ndi osalala pokha. Wogula amawerenga zikuluzikuluzo basi. Chala cha woyendetsa pa rimoti nachonso chili ndi mbali yake. Kutera pansi chala chikadali pa moto, matayala akuzungulira ndi liwiro lonse m'malere n'kugwira dothi mwadzidzidzi, ndi njira yachidule yothyolera mashafiti ndi madifu. Kuchotsa chala thiraki isanatere n'kwaulere.

Difu ikayamba kulira kuti tya tya tya ponyamuka, mano a giya yake yaikulu ndi a kagiya koizunguza ayamba kudumphana. Kawirikawiri mpata wakula, mwina chifukwa bering'i yatha, mwina chifukwa bokosi la difu likufutukuka mphamvu ikachuluka. Eni Blackfoot ya mu 1986 amalidziwa bwino vutoli. Mbali za giyabokisi yake zinkapatukana pang'ono, magiya n'kumadumphana, ndipo imodzi mwa njira zimene anapeza inali chomangira chogwira mbalizo pamodzi. Pa mathiraki a lero, tiwashala ta milimita 0.1 kapena 0.2, toikidwa pambali pa bering'i kuti magiya ayandikane, timatalikitsa moyo wa difu kuposa chonyezimira chilichonse. Ntchito yake ndi yotopetsa: kumanga, kuyesa ndi dzanja, kumasula, kuwonjezera kamodzi, kumanganso. N'chifukwa chake ambiri amaithawa.

M'kati mwa difu yotsekedwa muli oyilo wa silikoni, ndipo kulimba kwake kumasintha khalidwe la thiraki. Wamadzimadzi amalola mphamvu kuthawira ku tayala limene silikugwira pansi, lija lopanda ntchito. Wolimba amagawa mphamvu mofanana, koma thiraki imayamba kukana kukhota. Opikisana ndi magalimoto ochepetsedwa ka 8 amasewera pakati pa 3,000 ndi 10,000 pa muyeso wa kulimba kwa oyilo wotchedwa cSt, pamene eni mathiraki akuluakulu onga Kraton ya Arrma amathira wa 100,000 kapena kuposa apo m'difu ya pakati kuti matayala akutsogolo asamafufume ponyamuka. Difu imene yauma, kapena imene oyilo wake wasanduka wotuwa monyezimira, inayamba kale kudzidya.

Mtsutso waukulu uli pa mikono yogwira matayala. Mkono wa pulasitiki wosakaniza ndi nayiloni ukagunda mwala umapinda n'kubwerera. Ukagunda kwambiri umathyoka, mwini wake amaona, amasintha, mphindi khumi nkhani yatha. Mkono wa aluminiyamu sugonja choncho. Umapereka nkhonya yonse kwa chimene chili kumbuyo kwake, kaya ndi kaphini kolumikizira, bokosi la difu, kapena chasisi yeniyeniyo. Ukagonja umapindika osabwerera, nthawi zina pang'ono kwambiri moti diso silingaone, ndipo thiraki imayamba kukokera mbali imodzi, mwini wake n'kumasakasaka vuto ku servo ndi ku rimoti. M'thiraki yopangidwa bwino, chimene chimayamba kugonja chimakhala chotchipa ndi chosavuta kufika, ndipo anthu a masewerawa malo otere amangowatcha fyuzi. Wolimbitsa pamenepo amakhala wasankha kuti chothyoka chikhale china, chodula.

Opikisana anazindikira zimenezi kalekale. RC10 ya Team Associated, imene inatuluka mu 1984 ndipo Jay Halsey anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse wa IFMAR chaka chotsatira, inali ndi chasisi ya aluminiyamu wooneka ngati golide koma mikono ya nayiloni yoyera. Patatha zaka 40, magalimoto okwera mtengo kwambiri a mpikisano wa pa dothi akadali choncho, chasisi youma gwa, mikono ya pulasitiki. Anthu amene amalimbirana theka la sekondi, amene akanagula chilichonse chowathandiza kupambana, sagula mikono yonyezimira. Nayo kampani ya RPM ya ku California inatchuka chifukwa cha mikono ya nayiloni yolola kupinda kuposa imene imabwera ndi thiraki. Nayiloni ali ndi pofooka pake, n'zoona. Kukazizira kwambiri amauma n'kumathyoka msanga, chimene oyendetsa m'nyengo ya chisanu ku Britain amachidziwa, ndipo ena amawiritsa mikono yatsopano m'madzi kuti imwe chinyezi ifewe. Kwa woyendetsa pa dzuwa la Okutobala ku Chikwawa limeneli si vuto.

Chitsulo chili nawo malo ake, ndipo ndi odziwika. Choikapo mota chachitsulo chimasunga mpata wa magiya ndi kukoka kutentha. Zitsekerero za pulasitiki za mashoko, monga za Ultra Shock pa Slash, zimadziwika ndi kufwamphuka thiraki ikatera moipa, oyilo yense n'kutayika, ndipo za aluminiyamu zimathetsa nkhaniyo. Mashafiti a pulasitiki olowana amapotoka pa brushless, ndipo apa mashafiti achitsulo a mtundu wa CVD, amene kampani ya MIP ya Eustace Moore inatchukitsa, amagwira ntchito, bola mwini wake akumbukire kuti mphamvu imene shafiti yakana kuilandira ikupita ku difu, choncho kilatchi ikhale yotcheredwa bwino. Chitsulo chimayenera pamene pakufunika kuuma kosagwedera kapena kupirira kupotokola. Pamene pamalandira nkhonya sichiyenerapo. Ndiponso aluminiyamu sali mmodzi. Wa 7075, amene amagwira ntchito pa ndege, ndi wolimba kwambiri kuposa wa 6061, pamene zambiri zotchipa za pa intaneti sizinena n'komwe kuti ndi za mtundu wanji. Utoto ndi umodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mabowo ogwedera, ndi malo a sikuluwu otha pa kumanga kwachiwiri.

Pa mashoko ndi pamene kusamvetsa kwachuluka. Sipuling'i ndi oyilo zili ndi ntchito zosiyana. Sipuling'i imasenza kulemera kwa thiraki, pamene oyilo, pofinyikira m'timabowo ta pisitoni, amalamulira changu chimene shoko imalowera ndi kutulukira. Thiraki ikamagunda mimba pansi potera, ambiri amafinya sipuling'i ndi timphete mpaka pothera, poganiza kuti ikulimba. Siilimba ayi. Kufinyako kumangokweza thiraki, ndipo thiraki yokwera imagubuduka pokhota paliponse. Chofunika pamenepo ndi oyilo wolimbirapo, kapena pisitoni ya mabowo ang'ono, kapena sipuling'i ina yolimba. Komanso kugunda mimba pang'ono podumpha patali si tsoka. Chasisi ndi yotakata ndipo imagawa nkhonyayo, pamene shoko yofika pothera chasisi isanakhudze pansi imapinda shafiti yake kapena kuthyola pogwirira.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Thiraki, batire lili m'kati, imagwetsedwa kuchoka pa masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Yabwino imatera n'kukhazikika pomwepo. Yonjanja ilibe oyilo wokwanira, kapena amene alimo ndi wamadzimadzi. Yotera kuti gwa, mashoko osalowa, ili ndi oyilo wolimbitsa kapena china chake chagwira. Kuti adziwe, makaniko amachotsa mashoko ndi matayala n'kukweza mkono uliwonse ndi chala. Uyenera kugwa wokha. Ukakakamira m'mwamba, kaphini kapindika kapena dothi ladzaza, ndipo palibe shoko ya mtengo uliwonse imene ingakonze zimenezo. Shoko yodontha nthawi zambiri imangofuna timphira tozungulira shafiti, komanso kuona ngati shafitiyo sinakandike kapena kupindika, chimene chimaoneka poigubuduza pa galasi. Pothira oyilo watsopano pafunika kudikira kuti thovu lonse likwere, poti shoko yodzaza mpweya imalira kuti fyo fyo ndipo imagwira mosinthasintha. Manambala a pa mabotolo nawo amasokoneza. Oyilo wa 35wt wa kampani ina safanana ndi wa 35wt wa inzake, pamene muyeso wa cSt ndi umodzi kulikonse.

Lunch Box ya mu 1987, imene Tamiya ikugulitsabe, imaonetsa zonsezi poyera. Imabwera ndi mashoko a sipuling'i yokhayokha opanda oyilo, n'chifukwa chake imadumphadumpha moseketsa, ndipo ena amaikondera pomwepo. Kuikamo mashoko a oyilo a pulasitiki wamba, aja a CVA, kumaisintha kwambiri. M'magalimoto otere, ogulitsidwa osamanga kuti wogula amange yekha, Tamiya imaikanso mabushi a pulasitiki m'malo mwa mabering'i, ndipo palibe chogula china chimene chimaonetsa phindu msanga ngati paketi ya mabering'i. Liwiro limakwera, batire limakhalitsa, ndipo mashafiti sadyeka ndi mchenga wokakamira m'girizi wa m'mabushi.

Mabering'iwo amatha osalengeza. Tayala logwedera likagwedezedwa ndi dzanja, kapena lolira mchenga pozungulira, likunena za bering'i, ndipo bering'i yophwanyika imasungunula pulasitiki woizungulira. A zotsekera za mphira amapirira fumbi kuposa a zotsekera zachitsulo. ESC ndi servo zikhoza kukhala zosalowa madzi monga mmene bokosi likunenera, koma mabering'i, timaphini ndi masikuluwu amachita dzimbiri thiraki ikagonekedwa yonyowa. Za kaimidwe ka matayala sizifuna mawu ambiri. Apendekere m'kati kumtunda ndi digiri imodzi kapena awiri, akumbuyo aloze m'kati ndi madigiri awiri kapena atatu, ndipo kumanzere kufanane ndi kumanja.

Pali gulu limodzi limene kulemera kwa chitsulo kuli phindu, ndilo la mathiraki okwawa pa miyala. Axial ndiyo inawatchukitsa ndi AX10 Scorpion mu 2007 ndi SCX10 pambuyo pake, ndipo mu 2017 Traxxas inabweretsa TRX-4, yokhala ndi magiya awiri, madifu okhomedwa ndi rimoti, ndi maekiselo okhala ndi timagiya kumapeto kwake tokweza mimba ya ekiselo pamwamba pa pakati pa tayala, monga zilili pa Unimog ya Mercedes-Benz. Awa pa miyala amayenda liwiro la munthu wapansi, choncho nkhonya si nkhani. Chimene amaopa ndi kugwa chagada pachitunda. Eni ake amaika zipangizo za mkuwa wachikasu pansi penipeni, pafupi ndi matayala akutsogolo, amafewetsa masipuling'i, ndipo ena amasintha magiya kuti matayala akutsogolo azizungulira mofulumirapo kuposa akumbuyo, thiraki izidzikoka m'malo modzikankha. Koma ngakhale kuno anthu amapyola muyeso. Amadzaza mkuwa paliponse, amapachika padenga tayala losungira, tizigubu ndi timakwerero tokongoletsa, kenako n'kumadabwa kuti servo yapsa ndipo thiraki yawo ikugwa pamene ya mnzawo yongotuluka m'bokosi ikukwera.

Funso limene liyenera kubwera thiraki isanagulidwe n'komwe ndi la masipeya. Mu 2018 kampani yaikulu ya Hobbico ya ku Illinois inagwa, ndipo Arrma ndi Axial, zimene zinali m'manja mwake, zinatengedwa ndi Horizon Hobby. Zimenezo zinapulumuka, koma pali mitundu yambiri imene inazimiririka pamodzi ndi masipeya ake. Mathiraki otchipa a ku China onga a WLtoys ndi WPL athandiza anthu a m'thumba mochepa kulowa m'masewerawa, ndipo masipeya awo amapezeka pa AliExpress, koma kumenekonso ndi kumene kwadzaza mapaketi a zachitsulo zokhazokha amene amalemetsa kagalimoto ka mota yaing'ono mpaka kulefuka. Kwa munthu wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, amene chipangizo chotere amachita kuoda kunja kapena kutuma m'bale wochokera ku Johannesburg, kulakwitsa oda ndiye kuti thiraki ikhala pashelefu masabata ambiri. Iye ndi amene ayenera kusamala kuposa wa ku Texas, amene sitolo ili pakhomo.

Oda yanzeru ya munthu wotere imakwana m'kabokosi kakang'ono: mikono iwiri ya pulasitiki, spur imodzi kapena ziwiri, mabering'i a saizi imene buku likunena, imene pa Traxxas zambiri ndi 5x11x4, timphira ta mashoko, kabotolo ka oyilo, tiwashala, timaphini ta matayala ndi guluu wa matayala. Zosintha zichitike chimodzichimodzi ndipo chilichonse chilembedwe, monga amachitira opikisana pa mapepala awo, chifukwa wosintha oyilo, sipuling'i ndi matayala tsiku limodzi sadziwa chimene chathandiza. Mankhwala abuluu aja ndi a sikuluwu yolowa m'chitsulo basi, pa pulasitiki amang'ambitsa. Zida nazo zikhale zenizeni. Timakiyi topindika tobwera m'bokosi timadya mitu ya masikuluwu, pamene zomangira zolimba za mamilimita 1.5, 2.0 ndi 2.5 zimamasula pafupifupi thiraki yonse. Eni Tamiya ali ndi chawochawo chowonjezera. Masikuluwu ake a mtanda ndi a muyeso wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo sikuludilaiva wamba ya Phillips, ngakhale ioneke ngati yalowa, imaterereka n'kudya mutuwo sikuluwu isanafike pothera.